Ulendo wa Pansi M'midzi Yozungulira Westport

Kumadzulo kwa dziko la Ireland, m'boma la Mayo, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Westport. M'mawa wa nyengo yofunda, pa siteji ya basi ya m'tauniyi pamapezeka anthu ovala jombo, atabereka tizikwama kumsana, ena ali ndi ndodo m'manja. Anthuwa sakupita kumunda, sakupita kumaliro, ndiponso sakupita kukazonda wodwala. Akudikira basi yoti ikawatule kumudzi kumene alibeko mbale ngakhale mmodzi, kuti akayende wapansi tsiku lonse kenaka n'kukweranso basi yobwerera madzulo.

Mwina ena mwa inu, awerengi athu, mwayamba kale kuseka. Munthu wanzeru zake n'kulipira basi kuti akadzitopetse dala? Komatu musafulumire kuweruza. Akuluakulu adati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo odziwa kuphika. Njira zimene anthuwa amayendamo zili ndi nkhani yake, ndipo mutu wa nkhaniyo ndi uwu: zambiri mwa njirazi zimadutsa pa malo a eni. Ku Ireland kulibe lamulo lokakamiza mlimi kulola alendo kuponda pa msipu wake. Njirazo zilipo chifukwa eni nthaka adavomera, ndipo tsiku limene alendo adzaiwale ulemu, zipata zikhoza kutsekedwa. Tiyeni tsono tiyendere limodzi njira zinayi zimene munthu wopanda galimoto angazifike ndi basi imodzi yokha, ndipo tione chimene chidachititsa kuti chilolezo cha mlimi chikhale chinthu cholemera chotere.

Tauni yake

Westport ili m'mbali mwa Clew Bay, chigawo cha nyanja ya mchere ya Atlantic chimene chidalowa kumtunda. M'madzimo muli tizilumba tambirimbiri tooneka ngati misana ya ng'ombe zogona. Eni dera amakonda kunena kuti tilipo 365, kamodzi pa tsiku lililonse la chaka, ngakhale kuti amene adatiwerengadi adapeza tochepera apo. M'tauni momwemo mumakhala anthu pafupifupi 7,000. Idamangidwa motsatira pulani kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi banja lolemera la a Browne, ndipo mtsinje wa Carrowbeg umadutsa pakati pake m'ngalande ya miyala, mitengo itandanda mbali zonse ziwiri. Ndi tauni yodziwika ndi ukhondo, moti idapambana mpikisano wa dziko lonse wa matauni osamalika katatu, mu 2001, 2006 ndi 2008.

Kuchokera ku Dublin, likulu la dzikolo kumene ena a ife tili ndi ana ndi abale pa sukulu kapena pa ntchito, munthu amakwera sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Heuston ndipo amafika ku Westport patatha maola atatu ndi mphindi zingapo. Westport ndi pothera njanji, choncho palibe mantha oti mungapitirire muli m'tulo.

Basi ya nambala 450

Basi imene nkhani yathu yatsamirapo ndi ya kampani ya boma ya Bus Éireann, ndipo nambala yake ndi 450. Msewu wake uli ngati chibakuwa chozungulira Clew Bay, Westport ili pakati. Mukakwera yolowera kumwera kwa madziwo mumadutsa pa Murrisk, m'tsinde mwa phiri la Croagh Patrick, n'kukathera pa Louisburgh. Mukakwera yolowera kumpoto mumadutsa pa Newport ndi Mulranny, n'kuoloka mlatho kulowa pa chilumba cha Achill, mpaka kukafika pa midzi ya Keel ndi Dooagh.

Basi imeneyi siyembekeza kudzaza. Nthawi ikakwana imanyamuka ngakhale ili ndi anthu atatu okha, ndipo wochedwa ndi mphindi ziwiri amangoiona msana. Imayenda maulendo owerengeka pa tsiku, ndipo Lamulungu maulendowo amachepa. N'chifukwa chake woyenda wanzeru, asanamange n'komwe zingwe za nsapato zake, amayamba waona ndandanda wa nthawi pa siteji kapena pa intaneti n'kulemba nthawi ya basi yomaliza yobwerera. Kumidzi, pamene mwaima pa siteji, muyenera kutukula dzanja kuti dalaivala adziwe kuti mukufuna kukwera. Mukamakwera muuzeni kumene mukukatsikira. Safunsa adadya phula.

Ubwino wa basi pa ulendo wa mtundu uwu ndi woti simukakamizika kubwerera kumene mudayambira. Wagalimoto amayenda theka la njira n'kutembenuka kuti akatenge galimoto lake. Wabasi amatsikira mudzi uno, n'kuyenda mpaka mudzi winawo, n'kukwerera komweko.

Njira yoyamba: m'mene mudali njanji

Njira yoyenera banja lonse, agogo ndi adzukulu omwe, ndi Great Western Greenway. Idatsegulidwa m'zigawo mu 2010 ndi 2011, ndipo kuchokera ku Westport kukafika pa mlatho wa Achill ndi makilomita 42. Palibe amene amakukakamizani kuitha yonse. Idagawika patatu mogwirizana ndi masiteji a basi: Westport mpaka Newport ndi makilomita 11, Newport mpaka Mulranny ndi 18, ndipo Mulranny mpaka Achill ndi 13. Galimoto silololedwa m'njiramu koma oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo popeza idatsata m'mene mudali njanji kale, ilibe zitunda zothetsa mpweya.

Pa Newport mumaona mlatho wakale wa sitima, womangidwa ndi miyala yofiirira, wokhala ndi mipata 7 yokhota ngati uta. Lero anthu amayenda pamwamba pake wapansi. Kuchoka apo kulowera ku Mulranny ndiye kumene njira imakoma zedi. Kudzanja lamanja kuli mapiri a Nephin Beg opanda mitengo, kudzanja lamanzere kuli nyanja ndi tizilumba take, ndipo kutsidya kwa madziwo phiri la Croagh Patrick limaoneka losongoka ngati denga la nkhokwe. Mumadutsa m'madambo a nthaka yakuda imene anthu akumeneko akhala akuidula ngati njerwa, kuiyanika, n'kumasonkhera moto m'malo mwa nkhuni. Mumakumana ndi nkhosa zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira pamsana, chizindikiro choti mwini wake azizindikire zikasakanikirana ndi za anzake paphiri.

Koma njanji imene idali pamenepa ili ndi mbiri yomvetsa chisoni, ndipo inu amene mudakulira m'mbali mwa nyanja muimva msanga. Anthu a pa chilumba cha Achill adali osauka kwambiri, moti chaka chilichonse anyamata ndi atsikana ankapita ku Scotland kukagwira ganyu yokumba mbatata. Pa 14 June 1894 gulu la iwo lidakwera mabwato a matanga kupita ku doko la Westport, kumene sitima ya pamadzi inkawadikira. Atayandikira doko, ambiri a m'bwato limodzi adathamangira mbali imodzi kuti aione bwino sitimayo. Bwatolo lidapendekeka n'kugubuduka, ndipo anthu 32 adamira, ambiri a iwo achinyamata. Pa nthawiyo njanji yopita ku Achill idali isanatsegulidwe, koma adaigwiritsa ntchito kuti mitembo ifike kwawo. Choncho sitima yoyamba kuyenda pa njirayi idanyamula maliro.

Patapita zaka 43, mu September 1937, anyamata 10 a ku Achill omwenso adapita ku ganyu ya mbatata adapsa ndi moto usiku m'nyumba imene ankagona ku Kirkintilloch, ku Scotland. Mitembo yawo idabwera pa njanji yomweyi, ndipo patangotha masabata ochepa njanjiyo idatsekedwa. Zitsulo zidazulidwa, ndipo m'kupita kwa zaka malo ake adalowa m'minda ndi m'misipu ya alimi oyandikana nawo.

Apa ndi pamene pagona chodabwitsa cha njirayi. Pamene khonsolo ya boma la Mayo idafuna kuitsegulanso kuti anthu aziyendamo, malowo sadalinso a boma. Adali m'manja mwa eni oposa 150. Akuluakulu a khonsolo adayenera kuyenda khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi mlimi aliyense, n'kupempha. Alimiwo adavomera kuti njira idutse pa malo awo osagulitsa nthakayo, ndipo mpaka lero malowo ndi awo. Pamene wina adakana, njira idakhota n'kulambalala. Ndiye mukamayenda m'menemo n'kuona chipata, kapena zitsulo zoyalidwa pansi zotchinga ng'ombe, dziwani kuti muli pabwalo pa munthu.

Chifukwa chiyani mlimi amaumira nthaka yake?

Ku Scotland, dziko loyandikana nalo, lamulo la mu 2003 limalola munthu kuyenda pafupifupi paliponse kuthengo malinga asaononge kanthu. Ku Ireland sizili choncho, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 150.

M'zaka za m'ma 1800 dziko lonse la Ireland linkalamulidwa kuchokera ku London, ndipo nthaka yambiri idali ya mabwana ochepa, ena mwa iwo osakhala n'komwe m'dzikomo. Anthu wamba ankalima timinda ta lendi. Wolephera kulipira ankathamangitsidwa, ndipo kawirikawiri denga la nyumba yake linkagwetsedwa kuti asabwererenso. Mbewu zina ndi ziweto ankagulitsa kuti apeze ya lendi, ndipo pakamwa pawo pankalowa chakudya chimodzi chokha: mbatata ya kachewere, ija ena amaitchula kuti airishi. Mu 1845 mbatatayo idagwidwa ndi matenda a chiwawu n'kuyamba kuolera m'nthaka, ndipo zidabwereza zaka zingapo zotsatizana. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni adathawira kunja. Boma la Mayo lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa koposa. Mu 1841 mudali anthu pafupifupi 389,000, koma kalembera wa mu 2022 adapezamo pafupifupi 138,000 okha. Bata limene alendo amalisirira m'zigwa za ku Mayo lero ndi bata la midzi imene anthu ake adatha.

Ana a anthu opulumuka njalayo ndiwo adayambitsa nkhondo ya nthaka. Mtsogoleri wawo, Michael Davitt, adabadwira ku Mayo komweko mu 1846, ndipo banja lake lidathamangitsidwa pa munda iye ali mwana. Mu 1879 adathandiza kukhazikitsa bungwe la Land League lomenyera ufulu wa alimi a lendi. Chaka chotsatira, anthu a kufupi ndi nyanja ya Lough Mask, ku Mayo konko, adagwirizana zomusala kapitawo wina wa minda dzina lake Charles Boycott: osamugwirira ntchito, osamugulitsa kanthu, osamulankhula. Dzina lakelo lidasanduka liwu la Chingerezi lotanthauza kunyanyala. M'kupita kwa nthawi boma lidagonja, ndipo malamulo angapo, makamaka la mu 1903, adapereka ngongole kwa alimi kuti agule minda imene ankalimayo.

Ndiye mlimi wa ku Mayo akaima pa chipata chake lero, amadziwa kuti agogo ake adalira misozi kuti dzina la banja lilembedwe pa malowo. Munthu wotere simumulamula, mumamupempha. Boma lidazindikira zimenezi, ndipo kuyambira mu 2008 lili ndi ndondomeko yopereka kangachepe kwa alimi ena amene amasamalira njira zodutsa pa malo awo. Koma maziko ake akadali omwewo, chilolezo.

Njira yachiwiri: phiri la Croagh Patrick

Kuchoka ku Westport kupita ku Murrisk ndi makilomita 8, ulendo wa mphindi zochepa pa basi. Mukangotsika, phiri lili pamaso panu. Kutalika kwake ndi mamita 764, ndipo popeza limayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mamita onsewo mumawakwera ndi miyendo yanu. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita 7, ndipo munthu wamphamvu zake amatha maola atatu kapena anayi.

Kwa Akhristu a ku Ireland, makamaka Akatolika, phirili ndi lopatulika. Mwambo wawo umati Patrick, amene adafalitsa Chikhristu m'dzikomo, adasala kudya pamwamba pake masiku 40 m'chaka cha 441. Pansonga pali katchalitchi kamene kadamangidwa mu 1905, ndipo Lamulungu lomaliza la mwezi wa July chaka chilichonse anthu zikwizikwi amakwera, ena opanda nsapato. Masiku ena onse phirili limakwerwa ndi aliyense, wa chipembedzo chilichonse, ndipo mlendo amangoyenera kupereka ulemu kwa amene abwera kudzapemphera. Wosafuna chikhamu asankhe tsiku lina.

Ulendo wake uli ndi zigawo zitatu. Poyamba mumakwera motsata kamtsinje mpaka paphewa la phiri. Kenaka njira imagona pang'ono ndipo mumapezako mpweya. Chigawo chomaliza ndicho choopsa: nsonga yotsetsereka kwambiri yodzaza ndi miyala yogumuka. Kwa zaka zambiri anthu ankaterereka ndi kuthyoka miyendo pamenepa, ndipo mapazi a anthu ochuluka adakumba chilonda chachikulu chooneka ngakhale uli kutali. Pakati pa 2020 ndi 2024 kagulu kochepa ka amisiri kadayala masitepe a miyala ndi manja, pogwiritsa ntchito miyala ya paphiri pomwepo. Lero kukwera kwapepukako, koma phiri ndi phiri. Kutsika ndiko kumapweteka mawondo kuposa kukwera, ndipo ndodo imathandiza.

Nalonso phirili lili ndi eni. Ndi msipu umene alimi a m'midzi ya m'tsinde mwake amadyetserapo nkhosa mogawana. M'zaka za m'ma 1980 mudapezeka golide m'phirimo, koma anthu adakana kuti likumbidwe ndipo khonsolo ya Mayo sidalole mgodi. Adasankha phiri lawo m'malo mwa chuma.

Amene miyendo siwalola kukwera asadandaule, chifukwa m'tsinde momwemo muli zoona. Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi poyambira njira, kuli chikumbutso cha dziko lonse cha njala ija. Ndi chombo chosulidwa ndi mkuwa, ntchito ya mmisiri John Behan, ndipo m'malo mwa zingwe za matanga adaikamo mafupa a anthu olukanalukana. Chimakumbutsa za zombo zimene zinkanyamula othawa njala kupita ku America ndi Canada, m'mene anthu ambiri ankafera panjira. Adachitsegulira mu 1997 ndi Pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, Mayi Mary Robinson, amenenso kwawo ndi ku Mayo. Mwa anthu akutali amene adamva kulira kwa Ireland m'masiku amenewo mudali Sultan Abdülmecid wa ufumu wa Ottoman, yemwe adatumiza thandizo la mapaundi 1,000 mu 1847. Kutsikira kunyanja pang'ono kuli mabwinja a nyumba ya amonke ya mu 1457, ndipo kuchokera apo ana angathe kusewera m'mphepete mwa madzi podikira okwera phiri.

Njira yachitatu: chigwa cha Doolough

Basi yolowera kumwera imathera pa Louisburgh, kamudzi ka misewu yochepa. Kuchokera apa msewu wopapatiza umalowera m'mapiri kupita ku nyanja yaing'ono yotchedwa Doolough, dzina lotanthauza nyanja yakuda m'chilankhulo cha eni dziko. Ndi malo okongola mochititsa mantha: mapiri ataliatali mbali zonse ziwiri, madzi akuda bii pakati, popanda nyumba kapena mtengo.

Pa 30 March 1849, njala ili pachimake, akuluakulu awiri oona za chithandizo cha osauka adafika pa Louisburgh kuti adzaone anthu amene ankayenera kupitiriza kulandira chakudya. Sadawaone. Adapitirira kukagona ku Delphi Lodge, nyumba ya alenje olemera imene ili pa mtunda wa makilomita 19, ndipo anthu adauzidwa kuti akaonekere kumeneko pofika 7 koloko m'mawa mwake, apo ayi achotsedwa m'kaundula. Anthu mazanamazana, amayi ndi ana omwe, ofooka kale ndi njala, adayenda usiku m'mphepo ndi m'chisanu. Pambuyo pake mitembo idapezeka m'mbali mwa njira, ndipo ena sadafikenso kwawo. Kalata imene idatuluka m'nyuzipepala ya nthawiyo idatchula mitembo 7, koma mbiri ya pakamwa ya eni dera imati akufa adali ochuluka kuposa apo.

Kuyambira mu 1988, bungwe la Afri limakonza ulendo wa pansi wokumbukira anthu amenewa, kawirikawiri m'mwezi wa May, ndipo Archbishop Desmond Tutu wa ku South Africa adayenda nawo mu 1991. M'mbali mwa msewu muli mtanda wa mwala wosonyeza malowo. Chenjezo ndi loti iyi si njira yopatulidwa ngati Greenway. Ndi msewu wa galimoto, ndipo musayembekezere basi yokubwezani mukatopa. Ambiri amayenda chigawo chabe n'kubwerera pa Louisburgh nthawi ya basi isanakwane. Poyenda mu msewu khalani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto likubwera, popeza kumenekonso magalimoto amayenda kumanzere.

Njira yachinayi: mudzi wopanda anthu

Achill ndi chilumba chachikulu kuposa zonse za m'mphepete mwa Ireland. Mlatho wolumikiza chilumbachi ndi mtunda udamangidwa koyamba mu 1887, ndipo umatchedwa dzina la Michael Davitt uja. Basi ikaoloka imapitirira mpaka pa Keel, mudzi wokhala ndi mchenga wautali moyang'anana ndi mafunde a Atlantic. Kuchokera pa Keel, ulendo wa makilomita ochepa kulowera kumpoto umakufikitsani m'tsinde mwa phiri la Slievemore.

Kumeneko kuli nyumba za miyala pafupifupi 80 zondandana m'mbali mwa kanjira kakale, zonse zopanda madenga. Miyala yake adangoisanja popanda matope kapena simenti, ndipo nyumba zambiri zidali za chipinda chimodzi chimene anthu ankagonamo pamodzi ndi ziweto zawo. Mukayang'anitsitsa paphiripo dzuwa likapendeka, mumaona mizere ya minda ya mbatata ikuonekerabe pansi pa udzu. Itatha njala, otsala a m'mudziwu adasamukira kufupi ndi nyanja, ku Dooagh, kumene akadatha kudalira nsomba. Adapitiriza kubwera ndi ng'ombe zawo kudzadyetsa m'nyengo yofunda mpaka cha m'ma 1940, kenaka mudzi udangoti zii. Mabanja a eni nyumbazo akadalipo pachilumbapo, ndipo pambali pa mabwinjawo pali manda. Musakwere pa makoma, ndipo musatole mwala ngakhale umodzi woti mukaonetse kwanu.

Zoyenera kudziwa musananyamuke

Mdani wamkulu wa woyenda ku Mayo si chilombo, pakuti ku Ireland kulibe njoka, fisi kapena ng'ona. Mdani ndi nyengo. Mvula imagwa masiku oposa theka la chaka, ilibe nyengo yakeyake, ndipo imabwera ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja. Kumwamba kukhoza kuyera m'mawa, pofika masana chifunga n'kuphimba phiri moti simungaone mnzanu ali patsogolo panu. Tengani jekete losalowa madzi, juzi, nsapato zolimba zogwira pansi, madzi akumwa ndi kamba wokwanira, chifukwa pakati pa midzi palibe golosale. Mukaona nsonga ya phiri yabisika mu mtambo, sinthani ganizo muyende njira ya m'munsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo phiri silithawa.

Kumbukiraninso kuti kutalika kwa usana kumasintha kwambiri. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu December limalowa itangopitirira 4 koloko madzulo. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira May mpaka September. M'miyezi imeneyo, madzulo opanda mphepo, m'madambo mumatuluka tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu toluma mosautsa, ndipo m'maudzu ataliatali muli nkhupakupa. Valani zofika m'mapazi ndipo dziyang'aneni pathupi mukafika kunyumba.

Njira zovomerezeka zili ndi zizindikiro: kamtengo kozikidwa kokhala ndi chithunzi cha munthu woyenda cha chikasu, kapena mivi ya mitundu yosiyanasiyana. Tsatani zimenezo, osadula njira m'munda mwa eni. Chipata chimene mwachipeza chotseka chitsekeninso, ndipo chimene mwachipeza chotsegula chisiyeni momwemo, chifukwa mwini wake ali ndi cholinga. Musagwetse miyala ya mpanda. Musathamangitse nkhosa, makamaka mu March ndi April pamene zikuswa. Zinyalala zanu zonse, ngakhale khoko la nthochi, zibwerere m'chikwama. Mukakumana ndi mlimi mupatseni moni, pakuti anthu akumeneko amakonda kucheza ndipo nkhani yawo yoyamba imakhala ya mvula. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999. Gulu lopulumutsa anthu m'mapiri a Mayo ndi la anthu ongodzipereka, amene amasiya ntchito ndi mabanja awo kuti akanyamule mlendo wovulala, choncho si bwino kuwaitanitsa chifukwa cha kusasamala.

Kwa abale ndi alongo amene ulendo wawo ungakumane ndi Lachisanu, njanji yochokera ku Dublin imadutsa pa tauni ya Ballyhaunis, m'boma lomwelo la Mayo. Kumeneko kuli mzikiti umene udamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa cha Asilamu ogwira ntchito pa fakitale ya nyama ya halaal, ndipo umadziwika kuti ndiwo woyamba m'dziko la Ireland kumangidwa ngati mzikiti kuchokera pa maziko.

Pobwerera

Madzulo basi ya 450 imatolera anthu ake mmodzimmodzi: awa pa Keel ali ndi mchenga m'nsapato, awa pa Mulranny atanyowa ndi mvula, ndipo kutsidya linalo ena akukwerera pa Murrisk akutsimphina. Onse aona nyanja ndi mapiri, koma wopenya bwino waonanso zina. Waona njanji imene idayamba ndi maliro n'kutha ndi maliro, mudzi umene njala idausesa, ndi msewu umene anthu adafera akutsata chakudya. Waonanso kuti zidzukulu za anthu omwewo, zitapeza nthaka imene makolo awo adailirira, zidatsegula zipata kuti mlendo wosamudziwa adutse.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mwini munda amatsala pomwepo ndi nkhosa zake. Ngati mwana wanu kapena mbale wanu ali ku Ireland ndipo masiku ake opuma amangothera m'chipinda mumzinda, muuzeni za sitima ya ku Westport ndi basi ya 450. Muuzeninso kuti akadutsa pa chipata cha mlimi, atembenuke n'kuchitseka bwinobwino, kuti wobwera m'mbuyo mwake adzapezenso njira.